Chikwama cha pa mahandulo chodzipangira: saka, kaunjika, lona kapena chigubu?

Amene anatsikapo Khwekhwerere pa njinga ya kapalasa akudziwa kuti kuchokera pa Masasa mpaka ku Golomoti munthu suganiza china koma mabuleki. Pa ulendo wanga woyamba wogona m'njira, wopita ku Monkey Bay, ndinapachika chikwama cha kusukulu kutsogolo n'kuchimanga ndi zingwe ziwiri. Ndili pakati pa makona aja ndinayamba kumva kaphokoso koti fwee, fwee, kenaka fungo la pulasitiki wopserera. Nditaima ndinapeza chikwama chatsetsereka n'kukhala pa tayala, pansi pake pataboka bowo lolowa zala zitatu, juzi yomwe inali mkatimo itadyeka mkono. Juziyo sindinaidandaule kwenikweni. Chinandinjenjemeretsa ndi lamba wina amene ankalendewera pafupi ndi masipoko, poti akanakodwa pa liwiro limenelo bwenzi tikusimba zina.

Kuchokera tsiku limenelo ndasoka, ndasoketsa ndi kusomola zikwama zingapo, ndipo ndaona kuti anthufe timatha nthawi kukambirana za nsalu pomwe nkhani yeniyeni ili pa kagwiridwe. Saka lomangidwa bwino limakufikitsa. Chikwama cha nsalu yapamwamba chomangidwa mwachisawawa chikhoza kukugwetsa.

Zikwama zogula zilipo, za makampani ngati Ortlieb ya ku Germany, Apidura ya ku London ndi Revelate Designs ya ku Alaska, ndipo n'zabwino ndithu. Koma zambiri zimadutsa madola 100 musanawerengere zotumizira ndi msonkho, ndiye chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ambirife tinangozichotsa m'mutu. Mitengo ya pamsika nayo ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho pansipa mtengo ndiziuyerekeza ndi zinthu zomwe mukuzidziwa m'malo motchula makwacha.

ZOYENERA KUONA MUSANADULE NSALU

Choyamba ndi mpata wa pakati pa mahandulo ndi tayala. Tengani tepi muyeze. Chikwama chikadzaza n'kumangidwa, pansi pake pazitsala masentimita osachepera 5, chifukwa pa msewu wafumbi wa mizeremizere ngati malata katundu amatsika pang'onopang'ono inu osadziwa. Ngati njinga yanu ili ndi foloko ya masipuling'i, tsamirani pa mahandulo ndi thupi lonse mpaka foloko itsike kotheratu, ndiye muyeze pamenepo. Foloko zambiri zimatsika masentimita 8 mpaka 10, ndipo mpata umene umaoneka waukulu njinga itaima pakhonde umatha pa dzenje loyamba. Anthu aafupi, a njinga zazing'ono, apa ndi pamene amavutikira kwambiri.

Chachiwiri ndi mabuleki. Pa mountain bike kutsogolo kumadutsa mawaya anayi, awiri a mabuleki ndi awiri a magiya, ndipo chikwama chikawapanikiza buleki imalimba kapena kukana kubwerera, magiya n'kumalumpha okha. Njinga zakale zija za mtundu wa Humber, Phoenix ndi Hero zili ndi vuto lawolawo: tindodo ta mabuleki timatsika kutsogolo kwenikweni kwa khosi la njinga, pomwe chikwama chimafuna kutsamira. Njinga yogwira buleki ndi mapedulo, monga Buffalo, kutsogolo kwake kumakhala kopanda zosokoneza zambiri. Mulimonsemo, mukamanga katundu tembenuzani mahandulo mpaka kumapeto uku ndi uku, gwirani mabuleki onse, muone ngati akubwerera msanga.

Chachitatu ndi kulemera. Kutsogolo ndi malo a zinthu zotupa koma zopepuka: chofunda, juzi, zovala zosinthira, neti ya udzudzu, tenti yaing'ono. Ine sindipyola makilogalamu 3. Mukaikako masipanala, madzi ndi ufa, chiwongolero chimalemera, pa mchenga wa kunyanja tayala limatitimira, ndipo pokhota njinga imachita ngati ikufuna kupita kwake. Zolemera ziikeni pa kaliyala kapena pakati pa felemu.

Chachinayi, madzi ndi fumbi. Mvula ya Januwale sifunsa dzina la nsalu, imalowera m'mabowo a singano ndi pa zipi. Chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje chimanyowetsa mwakachetechete tsiku lonse. M'chilimwe mdani ndi fumbi, lomwe limapha zipi, ndipo likalowa pakati pa chikwama ndi penti limapala ngati sandipepa.

Chachisanu ndi funso lomwe ndimadzifunsa nthawi zonse: chikaduka ndili pa Dwangwa kapena pa Bolero, angachikonze ndani? Chinthu chomwe telala wa pakhonde kapena bambo wosoka nsapato angachikonze m'mphindi 20 chimaposa chokongola chofuna zida za kunja.

Za kukula kwake, kasamu kake n'kosavuta. Thumba lozungulira ngati mtondo, lotalika masentimita 40, m'mimba mwake masentimita 18, limalowa malita 10. Mukachepetsa m'mimba kufika 16 limalowa malita 8. Pa mahandulo opindikira pansi a njinga zothamanga, omwe nthawi zambiri amakhala masentimita 40 mpaka 44, thumba lisapitirire 30 kutalika, apo ayi manja ndi zogwirira mabuleki zisowa malo.

NJIRA YOYAMBA: SAKA NDI MALEGENI

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Iyi ndi njira ya akabaza ndi ogulitsa makala, ndipo sindiinyoza. Mumaika zovala m'pulasitiki wochindikala, kumanga kukamwa, kulowetsa m'saka, kulikulunga kuti likhale lolimba ngati mtolo, n'kulimangirira ku mahandulo ndi malegeni odulidwa ku chubu chakale.

Mtengo: pafupifupi ulere. Chubu chophulika mukhoza kupempha kwa okonza njinga.

Kapezekedwe: mudzi uliwonse, msika uliwonse.

Kasamalidwe: palibe chosamalira, mumangosintha. Saka limafumbutuka ndi dzuwa, malegeni amachita ming'alu n'kuduka mosachenjeza, ndiye tengani ena apadera.

Zoopsa: mphira imatamuka, ndipo kutamuka kumeneko ndi kumene kumatsitsira mtolo pa tayala. Pa kaliyala katundu amakhalira chitsulo, malegeni amangomugwira kuti asagwe. Kutsogolo kulibe chokhalira, mphira ndi imene imasenza zonse. Onjezani chingwe chosatamuka chokokera mtolo m'mwamba, ndipo nsonga zonse zilowetseni mkati. Ngati saka ndi la feteleza lichapeni bwinobwino, chifukwa zotsalira zake zimachititsa dzimbiri pa chitsulo, komanso musaikemo chakudya. La mpunga kapena la shuga ndi labwinopo. Kumasula ndi kumanganso kumadya nthawi, moti juzi ya mvula musaiike mmenemo.

NJIRA YACHIWIRI: CHIKWAMA CHA PA KAUNJIKA

Apa simukuyambira pansi, mukungosintha ntchito ya chikwama chomwe wina anasoka kale. Zomwe zimachita bwino ndi tizikwama ta m'chiuno, ta makamera, ndi tija tosungira nkhomaliro ya ana. Chikwama chachikulu chobereka kumsana, ngati chomwe chinandivuta ku Khwekhwerere, n'chachitali kwambiri ndipo chimalendewera. Koma chiguleni ndithu mukachipeza chotchipa, ngakhale chong'ambika, chifukwa ndi mgodi wa zipangizo: malamba a mamilimita 20 ndi 25, ma buckle a pulasitiki aja amalira kuti tche akalumikizana, Velcro, ndi siponji ya kumsana. Zinthu zimenezi kuzigula pazokha n'kovuta kuno, ndipo njira zonse zotsatirazi zimazifuna.

Kusintha kwake: somolani malamba osafunika, sokani malamba awiri kumbuyo motalikirana masentimita 12 mpaka 15 kuti akhale uku ndi uku kwa chitsulo chogwira mahandulo, ndi lachitatu pansi lokazungulira khosi la njinga. Lachitatuli ndi limene anthu amaiwala, chonsecho ndi lomwe limaletsa chikwama kudumphadumpha. Mkati, kumbuyo ndi pansi, lowetsanimo chipande cha pulasitiki wolimba kuti chisafwafwanyike.

Mtengo: wofanana ndi wa malaya amodzi a pa kaunjika, kuphatikiza kangachepe ka telala.

Kapezekedwe: pa Tsoka ku Lilongwe, ku Limbe, ku Ndirande, ku Mzuzu, m'mashopu a DAPP, ndi pa masiku a msika m'maboma. Koma ndi mwayi wa tsikulo. Lero mupeza zisanu, sabata yamawa osapeza n'chimodzi chomwe.

Kasamalidwe: zipi ndiye mwana wovuta. Itsukeni ndi mswachi wakale, muipake kandulo pang'ono. Mafuta ayi, amakoka fumbi. Ikayamba kutseguka kumbuyo, nthawi zambiri vuto ndi kamutu kake, ndipo atelala amakasintha mosavuta.

Zoopsa: musanalipire, tembenuzani chikwama muone mkati. Ngati utoto wosalowa madzi ukunyotsoka ngati khungu la njoka kapena ukumata m'manja, wafa kale. Kokani ulusi ndi buckle mwamphamvu, poti zina zinakhala padzuwa zaka zambiri. Ndipo dziwani kuti chikwama cha zipi chimalowa madzi basi, foni ndi ndalama zizikhala m'pulasitiki wakewake. Ubwino wake waukulu ndi woti mumatsegula ndi dzanja limodzi osatsika pa njinga.

NJIRA YACHITATU: THUMBA LA LONA LOPINDA MBALI ZONSE

Ili ndi thumba ngati paipi, lotsegula uku ndi uku, lopanda zipi. Mumalowetsa katundu, kufinya mpweya, kupinda kukamwa katatu, n'kutseka ndi buckle. Pa thumba la malita 10 mufunika chidutswa cha masentimita 60 m'lifupi ndi 70 m'litali: 57 ozungulira, 3 a msoko, ndipo pa 70 paja 15 mbali iliyonse ndi opinda. M'mphepete mwa kukamwa sokeranimo lamba kuti pakhale polimba popindira.

Lona lomwe ndikunena ndi la PVC, lofunditsira malole, lonyezimira mbali zonse. Lija labuluu lopyapyala loyanikira chimanga silikhalitsa, limasomoka pa msoko.

Kasokedwe kake kali ndi mwambo. Bowo lililonse la singano pa PVC ndi lamuyaya, silitsekeka ngati pa nsalu ya thonje, ndiye palibe zosomola n'kubwereza. Msoko ukhale wa mipata ikuluikulu, mamilimita 4, chifukwa wothinana umadula lona ngati pepala la risiti. Singano ikhale nambala 18, ulusi wa nayiloni kapena poliyesita wochindikala, osati wa thonje, womwe umaola. Lona likamamatira pansi pa phazi la makina, ikani pepala pamwamba musokere limodzi, kenaka mulichotse. Makina opalasa ndi mapazi a Singer kapena Butterfly amatha magawo awiri, koma pomwe pakumana lona ndi malamba amajejema. Ine ndimapita kwa osoka mipando ya sofa, monga a ku Mchesi mu Lilongwe, kapena okonza mipando ya galimoto, omwe ali ndi makina olemera.

Pitani ndi njinga yeniyeniyo. Ulendo wina ndinangofotokoza ndi manja, ndipo bambo amene anandisokera, munthu waluso ndithu, anaika malamba pomwe anaona kuti pakongola. Atandiona ndikuvutika kulimangirira anati, "Achimwene, mukanabwera nayo njingayo bwenzi titayezera pompo." Ananena zoona. Tinasoka lina, ndipo lachiwirilo tinayamba taliyesa ndi pepala la simenti ndi mapini.

Mtengo: wapakati. Zidutswa zotsala zimatchipa, ntchito ya msoki ndi imene imadya ndalama. Zonse pamodzi zimayandikira mtengo wa tayala limodzi labwino.

Kapezekedwe: m'matauni, kwa osoka malona ndi matenti, ndi m'magalaja a malole. Kumudzi n'kosowa.

Kasamalidwe: kupukuta ndi kansanza konyowa basi. Msoko utsekeni ndi kampango ka lona lomwelo komatidwa mkati. Guluu wake ndi wa PVC, ndipo wa nsapato amathandiza m'njira. Solushoni womatira chubu sagwira pa lona, musataye nthawi.

Zoopsa: limalemera. Lona la malole limakhala magalamu 600 kapena kuposa pa sikweya mita. Kukazizira, monga m'mawa wa Juni pa Nyika, limauma gwa, kupinda kwake kovuta. Siliturutsa mpweya, choncho chovala chonyowa mukachiika mmenemo pa kutentha kwa ku Nkhotakota, pofika madzulo zonse zanunkha. Vuto lalikulu ndi loti malamba opachikira asokedwa pa thumba lenilenilo. Pamenepo ndi pamene pamakokeka kwambiri, ndipo ndi pamene madzi amayambira kulowa. Komanso usiku uliwonse muyenera kumasula zonse pa mahandulo, m'mawa n'kuyambiranso kulimbana ndi mawaya.

NJIRA YACHINAYI: MBEREKO YA CHIGUBU

Iyi ndi imene ndimaikonda, ndipo ndikhalapo pang'ono. Okwera njinga a kunja amaitcha harness, ine ndimati mbereko, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo: iyo imakhala pa njinga, mwana ndi thumba, mumamutsitsa ndi kumuberekanso mmene mwafunira. Nzeru yake ndi kulekanitsa ntchito ziwiri zomwe njira zina zimaziphatikiza. Kugwira katundu ndi ntchito ya mbereko. Kuletsa madzi ndi ntchito ya thumba, lomwe tsopano silifunanso kubooledwa ndi malamba.

Pezani chigubu cha malita 20 cha mafuta ophikira. Yang'anani pansi pake, mupeza kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala 2 kapena zilembo HDPE, pulasitiki wopindika osathyoka msanga. Dulani mbali yosalala, masentimita 30 m'lifupi ndi 25 m'litali, kapena kucheperapo ngati mpata wa tayala ndi wochepa. Makona onse muwazungulize, m'mphepete mupale ndi sandipepa mpaka chala chiziyenda osamva kuthwa. Chiviikeni m'madzi otentha kwambiri, muchipinde pa chipika kapena pa botolo lalikulu, muchimange mpaka chizizire. Chimatsala chokhota ngati chikhatho chotunga madzi.

Tsopano mipata ya malamba. Musangocheka ndi mpeni mzere umodzi, poti mng'alu umayambira pa nsonga ya mzere wotero. Boolani kaye timabowo tiwiri tozungulira ndi msomali wotentha, motalikirana mofanana ndi lamba wanu, kenaka mulumikize timabowoto. Mpata uliwonse ukhale masentimita osachepera 2 kuchokera m'mphepete. Mufunika malamba asanu: awiri aafupi okwera ku mahandulo, limodzi la pansi lozungulira khosi la njinga kapena pamwamba pa foloko, ndi awiri aatali, masentimita 80 mpaka 90, okumbatira thumba. Nsonga za malamba ziwaulireni ndi machesi kuti zisasomoke. Posokera buckle, sokani kabokosi kokhala ndi mtanda mkati, ndipo wosoka nsapato aliyense amachita zimenezi ndi manja.

Chinsinsi chenicheni chili pa patapata wakale. Dulani timabuloko tiwiri kapena titatu, muboole pakati, mulowetse pa malamba a m'mwamba aja kuti pakati pa mbereko ndi mahandulo pakhale danga la masentimita 3 kapena 4. M'danga limenelo ndi momwe mumadutsa mawaya osapanikizika, ndi momwe zala zanu zimalowa mukafuna kugwira pakati pokwera phiri. Kabuloko kena kochindikala kaikeni pa lamba wa pansi kuti mbereko isakhudze khosi la njinga. Pa njinga ya mabuleki a tindodo kabuloko aka kakhale kotalika ndithu, kopyola tindodoto. Zinthu zotayidwa kudzala zimenezi zikugwira ntchito yomwe pa zikwama zodula imagwiridwa ndi timasiponji todula mwapadera.

Thumba lake lingakhale lililonse: la lona lija koma lopanda malamba, losokedwa ku jekete ya mvula ya pa kaunjika, thumba la tenti, ngakhale saka lokhala ndi pulasitiki mkati. Tsiku lina pobwerera ndinaberekamo mkeka ndi phava la nthochi.

Mtengo: wotsika. Chigubu chopanda kanthu, chikwama chong'ambika chochotsako malamba, ndi kangachepe ka wosoka nsapato. Thumba ndi lapadera.

Kapezekedwe: zigubu zili paliponse pomwe amagulitsa mafuta oyeza kapena kukazinga tchipisi, ngakhale amazikakamira chifukwa n'zotungira madzi. Funsani choboka pansi, kwa iwo n'chakutha koma kwa inu mbali zake n'zabwinobwino. Makina osokera safunika.

Kasamalidwe: m'mawa uliwonse kokani malamba onse, ndipo mukayenda ola loyamba kokaninso, chifukwa katundu amakhazikika. Yang'anani m'mipata ngati mwayamba ming'alu kapena ngati lamba akudyeka. Pa khosi la njinga kulungani tepi ya magetsi kapena kachidutswa ka chubu kuteteza penti. Kunyumba musaisiye padzuwa.

Zoopsa: chigubu chomwe chakhala panja zaka, choyererako ndi chotuwa, chimathyoka ngati bisiketi. Chipindeni ndi manja musanadule. Chomwe munali mankhwala a mbewu, petulo kapena dizilo chisiyeni, ngakhale achitsuke bwanji. Thumba loterera limatha kusolokera kumbali pa msewu wa mabampu, ndiye matani timizere ta chubu mkati mwa mbereko, kapena sokani kakhutu pa thumba kodutsitsamo lamba. Mbereko imabisanso nyali ya kutsogolo, muisamutsire pamwamba kapena pa foloko. Ndipo kupanga kwake kumafuna kudekha. Yoyamba muiyese ndi katoni, muione pa njinga, mukakhutira ndiye mudule chigubu.

NJIRA YACHISANU: JINZI KAPENA KANVASI WOPAKA PHULA

Mwendo wa jinzi yaikulu ndi paipi yosokedwa kale. Mukaupaka phula la njuchi, n'kulisungunulira mkati ndi simbi yofunda pamwamba pa pepala, madzi amangotsetsereka. Ena amakuta ndi chitenje, ndipo chimakongola zedi.

Mtengo: wotsika, phula ndi limene limakwerako.

Kapezekedwe: jinzi ili ponseponse. Phula funsani kwa alimi a njuchi, ochuluka ku Rumphi, Mzimba ndi Nkhata Bay.

Kasamalidwe: kupakanso phula chaka chilichonse, kusachapa ndi sopo, kuyanika bwino musanasunge. Telala aliyense amachikonza.

Zoopsa: chimapirira mvula yowaza, koma ya maola awiri imadutsa. Chikanyowa chimalemera, chimachedwa kuuma, chimachita nkhungu. Phula limasungunuka pa madigiri opitirira pang'ono 60, koma limayamba kufewa kale lisanafike pamenepo, moti pa dzuwa la Okutobala ku Chikwawa limamata fumbi ndi kudetsa zovala. Mukachisiya pansi usiku chiswe sichichedwa.

NJIRA YACHISANU NDI CHIMODZI: NSALU ZOITANITSA KUNJA

Mayina omwe mudzakumane nawo pa intaneti ndi Cordura, nayiloni wolimba wa 500D kapena 1000D (manambala osonyeza kuchindikala kwa ulusi wake), ndi X-Pac, yopangidwa ndi kampani ya matanga a ngalawa ya Dimension-Polyant. X-Pac ya VX21 imalemera pafupifupi magalamu 200 pa sikweya mita, ili ndi kapulasitiki kosalowa madzi pakati, ndipo imasokeka bwino pa makina a panyumba ndi singano nambala 16.

Koma tiyeni tiwerengere. Chidutswa chathu cha 60 ndi 70 chija sichikwana theka la sikweya mita. Cha lona chimalemera magalamu 250 mpaka 300, cha X-Pac osakwana 100. Kusiyana kwake ndi kapu imodzi ya madzi. Wa mpikisano angakuone kofunika. Ife oyenda ndi poto ndi ufa sitingakumve n'komwe.

Mtengo: wokwera kuposa njira zonse, ndipo ndi wa madola kapena marandi.

Kapezekedwe: kuitanitsa, kapena kutuma m'bale wochokera ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Britain. Amene mukukhala kumeneko, kwa inu iyi ndi njira yapafupi kuposa kusaka lona la lole.

Kasamalidwe: msoko umafunabe kumata ndi mankhwala ake monga Seam Grip. Utoto wa mkati mwa Cordura umaonongeka mukaisunga yonyowa pamalo otentha.

Zoopsa: kulakwitsa kudula kumapweteka m'thumba, ndiye yambani ndi nsalu yachabe. X-Pac sipirira kukhuzika ngati Cordura yochindikala, pokhudza mawaya ikanipo chigamba. Ikang'ambika m'njira mudzaimata ndi chomwe chapezeka, osati chofanana nayo.

NDIYE INU MUSANKHE ITI?

Ngati ulendo ndi wa mawa, wa usiku umodzi, pa msewu wa tala wosatsetsereka kwambiri, monga kuchoka ku Salima kupita ku Senga Bay, mangani saka, onjezani chingwe chosatamuka, muzipita. Koma saka lomwelo musatsike nalo Khwekhwerere kapena Gorodi, msewu wa makona pafupifupi 20 wochokera ku Livingstonia kutsikira pa Chitimba.

Ngati katundu wamkulu ali kale pa kaliyala, monga zimakhalira pa Buffalo ndi njinga za akabaza, kutsogolo mukungofuna poika foni, mtedza, zigamba ndi juzi ya mvula. Kachikwama ka pa kaunjika kakukwanirani. Mukagona ku Cape Maclear kapena pa phiri la Zomba musasiyemo chakudya, anyani ndi makoswe saopa zipi.

Ulendo wa masiku angapo pa misewu yafumbi, wopita ku Chelinda kudzera ku Rumphi ndi pa chipata cha Thazima, kapena wozungulira phiri la Mulanje, ukufuna mbereko ya chigubu. Ku Nyika kumagwa chisanu mu Juni ndi Julayi, chofunda chanu chiyenera kufika chouma, ndiye mbereko imeneyo iperekezeni ndi thumba la lona lomatidwa msoko, kapena lopepuka lokhala ndi pulasitiki wochindikala mkati.

Oyenda m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, lona ndiye lanu, ndipo likhale m'mbereko kuti lisabooledwe. Oyenda m'miyezi youma yozizira, okonda chinthu chooneka bwino chomwe angachikonze ndi singano ya m'nyumba, jinzi ya phula iwasangalatsa, bola asapite nayo kuchigwa cha Shire nthawi yotentha.

Wa njinga yaing'ono kapena ya foloko ya masipuling'i, amene mpata wa tayala ndi wochepa, apange mbereko yaifupi ndi thumba lowonda la masentimita 13 kapena 14 m'mimba, litalike m'mbali ngati mahandulo ndi otambalala. Wa mabuleki a tindodo amene waona kuti ngakhale patapata sakuthandiza, asakakamize: aike kachikwama kakang'ono pamwamba pa mahandulo, zotsalazo zipite kumbuyo. Nsalu za kunja zisiyireni amene ali nazo pafupi, kapena amene wasoka kale zikwama ziwiri zitatu ndipo miyeso ya njinga yake akuidziwa pamtima.

Chilichonse mwasankha, Loweruka lisanafike la ulendo chidzazeni ndi katundu yemweyo amene mudzanyamule, mupite nacho pa msewu woipitsitsa wa kwanuko makilomita 10, mukabwerera muyezenso mpata wa tayala uja.